Kusaka dzina la webusaiti ya masamu: mmene Chigiriki chinandizunguzira mutu

Ndikupanga webusaiti yophunzitsira masamu: timavidiyo tifupitifupi, mafunso oyeserera, ndi mayankho olongosoledwa mzere ndi mzere. Maphunziro 40 oyambirira ndinali nditalemba kale pamene ndinakhala pansi kuti ndipeze dzina. Ndinkayesa ndi ntchito ya madzulo amodzi. Yandidyera milungu 9. Zili m'munsizi ndazikopera m'kope langa mmene ndinkazilembera, ndangochotsamo mawu ena omwe ndinalemba nditapsa mtima.

3 Febuluwale 2025: mndandanda woyamba

Zipangizo: kope, cholembera, kompyuta, ndi dikishonale yosonyeza komwe mawu anachokera. Ndalama: palibe.

Mtima unathamangira ku Chigiriki ndisanaganize n'komwe. Masamu kwawo ndi kumeneko: mathema ndi chinthu chophunziridwa, arithmos ndi nambala, geometria ndi kuyeza nthaka. Komanso makampani akuluakulu anadzera njira yomweyi ndipo zinawayendera. Nike ndi dzina la mulungu wamkazi wa chipambano. Xerox inachokera ku xeros, kutanthauza chouma, popeza makina awo ankakopera zikalata ndi ufa wouma. Asus ndi mchira wa dzina la Pegasus, hatchi yamapiko ya m'nthano. Ndinati ngati iwo zinawakhala, ine zindikanirenji?

Malamulo a domain, dzina lomwe munthu amalemba kuti afike pa webusaiti, ndi ochepa. Dzina lisapitirire zilembo 63, likhale la zilembo a mpaka z, manambala ndi kamzere kapakati, koma kamzereko kasakhale koyambirira kapena kotsiriza. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono n'chimodzimodzi. Ine ndinawonjezapo anga atatu: lisapose zilembo 10, lisakhale ndi kamzere, ndipo lithere ndi .com. Pokagona ndinali ndi mayina 32, ndipo 27 mwa iwo anali a Chigiriki.

5 Febuluwale: onse ali ndi eni ake

Ndinawafufuza limodzilimodzi. Pa .com panalibe ndi limodzi lomwe lopanda mwini. Ukaganiza bwino sizodabwitsa. Dzina loyamba la .com, symbolics.com, linalembetsedwa pa 15 Malichi 1985, ndipo lero mayina a .com aposa 150 miliyoni. Zaka 40 anthu akukumba m'dikishonale yomweyi yomwe ine ndimaiona ngati mgodi wanga ndekha. Chowawa n'chakuti ambiri mwa mayina anga aja sakugwira ntchito iliyonse. Ukatsegula umangopeza chikwangwani choti akugulitsidwa. Ndinafunsa mtengo wa limodzi mwachibwana, yankho linabwera pasanathe ola: madola 4,800, koma ati tikhoza kukambirana. Tikambirana chiyani?

Ndasiya kufufuzira kwa ogulitsa mayina, chifukwa ukangolemba limodzi amakuunjikira ena 20 oti ugule. Ndikugwiritsa ntchito chida chaulere cha ICANN, bungwe loyang'anira mayinawa. Chimangokuuza ngati dzina lili ndi mwini, linalembetsedwa liti, ndipo nthawi yake itha liti. Amene munazolowera WHOIS, njira yakale yofufuzira mwini wa dzina, kuyambira pa 28 Januwale 2025 ICANN imadalira njira yatsopano yotchedwa RDAP.

9 Febuluwale: ndagula, pakati pa usiku

Ndinapeza mawu omwe anandigwira mtima: psephos, kamwala. Agiriki akale ankawerengetsera ndi timiyala, ndipo timiyala tomweto ndi tomwe ankaponyera voti. Aroma nawonso calculus wawo ndi kamwala basi. Ndinaona webusaiti yonse m'maso: mwana akuyamba ndi timiyala m'manja, n'kukathera pa masamu a kuyunivesite. Nthano yabwino chonchi ndikanaisiya bwanji?

Ndinawadula kumapeto n'kuwapatsa mathero okhala ndi x kuti amveke amakono. Dzina lonse sindililemba, chifukwa chaka chamawa likhoza kudzakhala la munthu wina. Lamulo langa la .com ndinaliphwanya ndekha, ndinatenga umodzi mwa michira yatsopano yomwe imaikidwa m'malo mwa .com chifukwa unali pa mtengo wozizira.

Ndalama: madola 3 a chaka choyamba. Madola 9 obisira dzina langa ndi adiresi m'kaundula, kabokosi kake kanali kochongedwa kale ndipo ndinaona nditalipira. Usiku womwewo ndinatuma wojambula kuti andipangire logo ya ψ, chilembo cha Chigiriki choyambira psephos, madola 35, olipiriratu. Zonse madola 47. Sindinafunse munthu aliyense. Mtengo wa chaka chachiwiri unalembedwa ndi tizilembo totuwa pansi penipeni: madola 32. Umenewu ndinauona m'mawa.

14 Febuluwale: mayeso a pa foni

Izi ndi zomwe ndikanayambira. Ndinakumbukira nkhani ya Jeff Bezos, yemwe mu 1994 anayamba watcha kampani yake Cadabra, loya wake n'kumva ngati akuti cadaver, mtembo. Ndiye anasintha n'kukhala Amazon. Ndinati nanenso ndiyese makutu a anthu.

Kachitidwe kake: kuimbira munthu, kutchula dzina kawiri osalitchula chilembo chimodzichimodzi, kumupempha alilembe n'kunditumizira, kenako kumufunsa kuti akuganiza kuti pa webusaiti ya dzina limeneli pamapezeka chiyani. Ndinaimbira anthu 12, ophunzira, makolo ndi aphunzitsi.

Mchemwali wanga ndi namwino. Ndinamupeza akutuluka ku ntchito.

"Achimwene, tanenaninso."

Ndinanenanso, pang'onopang'ono.

"Amenewa ndi akumwa kapena obaya?"

"Ndi webusaiti ya masamu."

Anaseka mpaka kutsamwa. "Mukanati ndi a chifuwa ndikanakuuzani kamwedwe kake. Awiri m'mawa, awiri madzulo, mutadya."

Sanali yekha. Mwa anthu 12, asanu anati ndi mankhwala kapena matenda. Atatu anati ndi tchalitchi chatsopano kapena gulu la mapemphero. Awiri anati ndi kampani ya inshuwalansi kapena ya makompyuta. Awiri anangoti sakudziwa. Wotchula masamu panalibe. Wolemba dzina molondola anali mmodzi, ndipo ameneyo anaphunzirapo Chigiriki cha Chipangano Chatsopano.

Nditakhala pansi ndinaona kuti anthuwa sanalakwe. Munthu wamba amakumana kuti ndi mawu a Chigiriki osavula zovala zake? Kuchipatala: asthma, pneumonia, anaemia, diabetes, ndi matenda onse othera ndi -itis. Pa botolo la mankhwala, pomwe x ndi y zimachita kupanikizana. Kutchalitchi: agape, logos, Pentekoste. Ndi pa zikwangwani za makampani ofuna kuoneka ozama. Khutu linaphunzira kalekale kuika mawu otere m'madengu atatu amenewa, ndipo silidikira kuti ulifotokozere za timiyala.

Womaliza kumuimbira anali mphunzitsi wanga wakale wa masamu, yemwe anapuma pa ntchito. Anamvetsera nthano yonse ya timiyala osandidula.

"Nthanoyo ndi yokoma. Koma udzakhalapo kuti uziifotokozera mwana aliyense?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Iwe, ana amaopa kale masamu. Ukufuna aziopanso chitseko?"

15 Febuluwale: ndachedwa ndi tsiku limodzi

Pali masiku 5 oyambirira omwe dzina likhoza kubwezedwa ku kaundula popanda wogulitsa kuluza, ndipo ogulitsa ena amakubwezera ndalama ukapempha m'masiku amenewa. Anga anatha dzulo. Ndinalemba kalata yodandaula, anandiyankha mwaulemu kwambiri kuti ayi. Wojambula naye anali atamaliza kale. Logo yake ndi yokongola zedi, mpaka ndinachita manyazi kumuuza kuti mwina sindiigwiritsa ntchito.

20 Febuluwale: chifukwa chiyani analephera kulemba?

Ndinasonkhanitsa mauthenga 11 olakwika aja n'kuwaika pamzere. Apa ndi pomwe ndinatha masiku ambiri, mwina kuposa oyenera, chifukwa zomwe ndinapeza zinandisangalatsa ngakhale zinkapha dzina langa.

Katchulidwe sikanawavute anthu olankhula Chichewa. Mawu oyamba ndi ps ife sitiwaopa, timati kupsa, psiti. Mawu oyamba ndi mn, ngati mneme, kukumbukira, kwa ife ndi mnzanga ndi mnyamata. Olankhula Chingelezi ndi omwe amameza p wa psychology ndi m wa mnemonic. Chinanso: m'nthawi ya Plato ku Athens, zilembo φ, θ ndi χ zinkatchulidwa ngati p, t ndi k otuluka ndi mpweya. N'chifukwa chake Aroma anazilemba ph, th ndi ch. Ameneyo ndi ph wa phiri, th wa thumba ndi kh wa khasu. Katchulidwe ka f kanabwera pambuyo pake. Ndiye agogo omwe sanaponde m'kalasi ya Chingelezi akawerenga philos mmene amawerengera phiri, amayandikira kwa Plato kuposa pulofesa wa ku London. Ndinasangalala nazo tsiku lonse ngati ndatola ndalama.

Koma webusaiti sifuna Plato, imafuna zala zigunde mabatani oyenera. Ndikatchula dzina mwa Chingelezi, munthu amalemba s poyambira ndi f pakati. Ndikatchula mmene lalembedwera, wodziwa Chingelezi amaganiza kuti ndalakwitsa ndipo amandikonzera yekha polemba. Ena anaika i pomwe pali e. Ndipo x ndiye anabalalitsa onse: wina x, wina ks, wina kisi, popeza lilime lathu silikonda kusiya mawu opanda vawelo kumapeto.

Ndinawerengetsa, si ndine wa masamu nanga. Poyambira njira 2, vawelo njira 2, pakati njira 3, kumapeto njira 3. Kuchulukitsa, njira 36 zolembera dzina limodzi, yolondola imodzi yokha. Kuti ndigule zonse pa madola 11 iliyonse ndi madola 396 chaka chilichonse. Mayina ena a pa mndandanda uja sakanachita bwino kuposa apa. Chronos ali ndi ch yemwe wina amuwerenga ngati wa chaka, wina ngati k. Arithmos ali ndi r yemwe theka la anthu limulemba l, kuphatikiza i wolowerera pakati pa th ndi m. Aliwonse okhala ndi y ndi msampha.

Ngakhale akatswiri a makompyuta zinawakanika. Kubernetes, pulogalamu yomwe Google inatulutsa mu 2014, dzina lake ndi la Chigiriki lotanthauza wowongolera chombo. Eni ake omwe analifupikitsa kukhala K8s, kungowerenga zilembo 8 zapakati n'kuikapo nambala.

1 Malichi: nanga mayina a zilembo?

Ndinaganiza zothawira ku mayina a zilembo: alpha, delta, sigma, omega, pi. Ndi afupi, mwana aliyense wa masamu anawaonapo pa bolodi, ndipo salembedwa njira 36. Ndinangofunika kuwaphatikiza ndi mawu ena kuti ndipeze domain yopanda mwini.

Sigma ndiye ndinamukonda, chizindikiro cha kuphatikiza. Ndinauza mwana wa mchimwene wanga wa zaka 14. Anandiyang'ana, n'kugwira pakamwa, n'kuthamangira kukauza mnzake pa foni. Kwa achinyamata a pa TikTok, sigma masiku ano ndi mwamuna wodzimva yemwe sacheza ndi anthu, ndipo mawuwa amawatchula moseka. Alpha naye anapita njira yomweyo. Webusaiti yanga ndi ya ana a msinkhu womwewo, ndiye ndikanakhala nthabwala ya m'kalasi ndisanaphunzitse phunziro ndi limodzi lomwe.

Delta anadetsedwa ndi mliri. Pa 31 Meyi 2021 bungwe la WHO linayamba kutcha mitundu ya kachilombo ka korona ndi zilembo za Chigiriki, pofuna kuti anthu asiye kuitchula ndi mayina a mayiko. Cholinga chinali chabwino, koma zilembozo zinasenza mtolo. Ndipo a WHO omwewo, pofika pa 26 Novembala chaka chomwecho, analumpha zilembo ziwiri n'kukatera pa omicron: nu amamveka ngati new wa Chingelezi, pomwe xi ndi dzina la makolo la anthu ambiri. Nawonso anachita mayeso a makutu. Omega anthu anga atatu anamumva ngati dzina la kampani yoika maliro, paja ndiye chilembo chotsiriza.

Apa ndinazindikira kuti ndimaganiza molakwika. Ndinkaona ngati mawu a chilankhulo chakale ali ngati chiwiya chotsukidwa, chopanda fungo, choti uikemo zako. Bodza. Amatola fungo kulikonse komwe adutsa, ndipo suwadziwa komwe adzadutse mawa. Facebook itasintha dzina la kampani kukhala Meta pa 28 Okutobala 2021, inkaganiza za tanthauzo la Chigiriki la kupitirira. Olankhula Chiheberi anamva mawu awo onena za mkazi amene wamwalira. Ife tinamva lumo ndi sizasi.

Ndalama: palibe. Ndayamba kuphunzira.

8 Malichi: kuyesa zilembo zenizeni za Chigiriki

Maganizo a usiku enanso: bwanji osaika π weniweniyo m'dzina? Zimatheka. Koma poyamba, kusakaniza zilembo za Chigiriki ndi zathu m'dzina limodzi kaundula anakana. Chifukwa chake n'chomveka. Omicron wa Chigiriki ndi o wathu amaoneka chimodzimodzi, ndiye wakuba akhoza kulembetsa dzina looneka ndendende ngati la banki. Mu 2017 katswiri wina anaonetsa poyera kuti ndi zilembo za Cyrillic zokhazokha, zomwe amalembera Chirasha, akhoza kupanga adiresi yooneka ngati apple.com, ndipo opanga ma browser anakhwimitsa malamulo.

Ulendo uno sindinagule kanthu. Ndinayesera pa domain yanga yolakwika ija, ndinaika π kutsogolo kwake ngati kanthambi. Zinagwira, koma onani zomwe zimachitika kuseri. Makina a DNS, omwe amalondolera dzina komwe kuli webusaiti yake, sadziwa π, amamusandutsa xn--1xa. Nditakopera adiresi n'kutumizira mchemwali wanga uja, inafika ili ndi xn-- kutsogolo, iye n'kundiimbira kufunsa ngati foni yanga yabedwa. Fomu ina yolembetsera inakana adiresiyo kuti ndi yolakwika. Ndipo funso lomwe ndikanayamba nalo: π ali pati pa kiyibodi ya mwana wa sukulu? Palinso vuto la sigma, yemwe amalembedwa σ pakati pa mawu koma ς kumapeto, ndipo malamulo akale ndi atsopano a mayinawa samutenga mofanana. Ndinachotsa kanthambiko tsiku lomwelo.

16 Malichi: ndafunsa mwini chilankhulo

Ndili ndi mnzanga wa ku Greece, mphunzitsi wa masamu nayenso, yemwe tinadziwana pa maphunziro ena a pa intaneti. Milungu yonseyi ndinali ndikusewera ndi chilankhulo chake osamufunsa. Nditamuuza dzina lija, anafunsa ngati ndayamba ndale. Kwa iwo lero mawuwo amatchulidwa psifos, ndipo tanthauzo lomwe limabwera msanga ndi voti. Anandiuzanso kuti mawu awo a digito ndi a zinthu za digito anachokera pa tsinde lomwelo, ndiye sindinaphonye kwenikweni, koma kwa iye dzina langa linali la webusaiti ya zisankho yolembedwa ndi mlendo.

Kenako anayamba kundiseka bwinobwino. Mawu omwe ife timawagwadira, kwawo ndi a pa msewu. Exodos ndi chikwangwani cha potulukira. Metafores amalembedwa pa malole osamutsa katundu. Trapeza ndi banki, ndipo kalelo linali tebulo, ndiye trapezium yemwe timavutitsa naye ana ndi katebulo chabe. Mawu omwe anabala Ukalistia ndi omwe amanena pothokoza wogulitsa m'sitolo. Nike amati Niki, beta amati vita. Iye akamva kampani yakunja yadzitcha mawu a Chigiriki, zimamumvekera ngati mmene zingatimvekere ife kampani ya ndege yakunja itadzitcha Chitseko kapena Mpando, n'kumanyadira kuti dzinalo ndi lozama.

Usiku umenewo ndinatsegulanso dikishonale, koma mosiyana. M'malo mofufuza mawu a Chigiriki oti ndibwereke, ndinafufuza omwe ali kale m'kamwa mwathu. Sukulu ndi schole, ndipo poyamba ankatanthauza nthawi yopuma, zomwe ana anga a m'kalasi sangakhulupirire. Foni ndi phone, liwu. Pulogalamu, pulasitiki, kilogalamu, demokalase, kwaya, mngelo, ubatizo, Baibulo, onsewa mizu yawo ili komweko. Makina anachokera ku mechane, anadzera m'Chilatini ndi m'Chipwitikizi asanatipeze. Pepala ndi papyros. Palibe yemwe amamva sukulu n'kuganiza za jakisoni. Mawuwa anavula ph, y ndi x, anavala mavawelo athu, ndipo palibe amawafunsanso kwawo.

Ndiye vuto silinali Chigiriki ayi. Linali Chigiriki chomwe chikuonekabe kuti ndi Chigiriki. Chimenecho anthu amachilemekeza, inde, monga amalemekezera dokotala wovala gawuni yoyera, koma salowa m'chipinda chake popanda chowawa. Makampani aja ndinayamba nawo anatha kuchigwiritsa ntchito chifukwa anali ndi ndalama zobwerezera dzina m'makutu mwa anthu kwa zaka makumi mpaka linaleka kukhala lachilendo. Ndalama zanga zotsatsira malonda ndi ziro. Dzina langa liziyenda pakamwa, mwana kuuza mnzake potuluka m'kalasi.

24 Malichi: mndandanda wachiwiri

Malamulo atsopano: mawu awiri omwe mwana wa zaka 10 amawadziwa kale, opanda ph, opanda x, opanda zilembo ziwiri zofanana zogundana pomwe mawu awiriwo akumana. Malire a zilembo 10 ndawachotsa. Dzina la zilembo 13 lomwe munthu amalemba kamodzi ndi lalifupi kuposa la zilembo 7 lomwe amalemba katatu.

Ndinapeza 14, ndipo 6 analibe eni pa .com. Ndinadabwa, koma n'zomveka: ogula mayina kuti adzagulitse amasakaza m'madikishonale a Chingelezi, Chilatini ndi Chigiriki.

Asanu ndi mmodziwo ndinawapima kawiri. Choyamba pa Wayback Machine ya Internet Archive, kuona ngati dzina linakhalapo ndi mwini kale. Limodzi, lomwe ndinkalikonda kuposa onse, zaka zingapo zapitazo linali webusaiti ya juga. Dzina lotere limabwera ndi mbiri yake, ndipo imelo zako zikhoza kumangogwera mu spam. Ndinalisiya. Chachiwiri pa Global Brand Database ya WIPO, bungwe la UN loona za umwini wa zizindikiro za malonda, yomwe ndi yaulere, kuona ngati pali kampani yomwe inalembetsa dzinalo ngati chizindikiro cha malonda. Izi si zachibwana. Pali ndondomeko ya UDRP, ya mu 1999, yomwe mwini chizindikiro akhoza kukulanda nayo domain, ndipo ku WIPO mlandu wa woweruza mmodzi amautsegula ndi madola 1,500, ndalama yomwe kwa kampani yaikulu ndi yochepa. Limodzi linafanana kwambiri ndi la kampani ina yosindikiza mabuku a sukulu. Otsala 4.

2 Epulo: mayeso achiwiri, ndi kugula

Ndinaimbira anthu ena 12, osati aja oyamba, chifukwa aja akudziwa kale kuti ndi za masamu. Aliyense ndinamupatsa mayina awiri okha kuti asatope. Lomwe linapambana analimva anthu 6: asanu analilemba molondola, mmodzi anaika r pomwe pali l. Onse 6 anati ndi za sukulu, anayi anatchula masamu. Mwana wa mchimwene wanga sanaseke, anangoti lili bho, ndipo kwa iye kumeneko ndi kuyamikira kwakukulu.

Liwu limodzi mwa awiriwo ndi pepala. Linalo ndidzalitchula ndikamaliza kutenga dzinali pa YouTube ndi pa Facebook, chifukwa kulengeza dzina usanalitenge paliponse ndi kuitana akuba. Mnzanga wa ku Greece nditamuuza anati ndiye kuti ndabwerera kwawo podzera khomo lakuseri.

Ndinagula masana, nditadya, kwa wogulitsa wina. Ndisanalipire ndinayang'ana mtengo wa chaka chachiwiri. Poyerekezera: Verisign, kampani yosunga kaundula wa .com, inayamba kulipiritsa ogulitsa madola 10.26 pa dzina pa chaka mu Seputembala 2024, ndipo pamene ndinkagula ICANN inkatengapo masenti 18. Ndiye wokugulitsa .com pa dola imodzi akudziwa komwe adzabwezere ndalama yake. Wanga ndi madola 11.50 chaka chino ndi chamawa chomwe, kubisa adiresi ndi kwaulere. Ndinalipira zaka 2, madola 23, ndi dzina lolakwika la r lija chaka chimodzi, madola 11.50, kuti wolemba molakwika azifikabe. Dziwani kuti dzina latsopano silisamutsidwira kwa wogulitsa wina mpaka patatha masiku 60, ndiye sankhani wogulitsa musanadine.

7 Epulo: kulumikiza ndi kuwerengetsa

Zovuta ziwiri zazing'ono. Polemba A record, mzere wolumikiza dzina ndi IP (nambala ya kompyuta yosunga webusaiti), ndinasinthanitsa manambala awiri, ndipo TTL, nthawi yomwe makina amasunga yankho lakale asanafunsenso, inali pa masekondi 86,400, kutanthauza tsiku lathunthu. Nditakonza, foni yanga inapitiriza kupita kolakwika mpaka m'mawa mwake. Mukamayesa zinthu tsitsani TTL ifike pa 300, mudzaikweze zonse zikakhazikika. Satifiketi ya HTTPS, yotetezera kulumikizana ndi webusaiti, ndi ya Let's Encrypt, yaulere, ya masiku 90, ndipo ndaikonza kuti izidzitenganso yokha.

Chachiwiri chikanandipweteka. Ukalembetsa dzina amakutumizira imelo yoti utsimikize adiresi yako, ndipo ukapanda kuyankha m'masiku 15 domain imaimitsidwa. Yanga inagwera mu spam. Ndaipeza lero, tsiku lachisanu, ndikufufuza zina.

Dzina la timiyala lija ndalizimitsira kulipira kodzichitikira kuti madola 32 asadzandidzidzimutse. Mpaka Febuluwale lizingolozera ku dzina latsopano, ngakhale sindikudziwa yemwe angalilembe molondola kuti alozeredwe.

Wojambula anavomera kukonza logo pa madola 15. Chilembo cha ψ chachoka. Ndinamupempha ajambule timiyala tisanu tili pa pepala, titatu mbali ino, tiwiri mbali inayo. Mchemwali wanga ataiona anafunsa ngati ali mapiritsi, ndiye tatipatsa makona kuti tisakhale tobulungira kwambiri.

Ndalama zonse: madola 96.50. Zolowa m'madzi 47, zogwira ntchito 49.50. Sabata yamawa ndiyamba kukweza mavidiyo, ndipo kampani yosunga webusaiti yomwe ndinasankha ikukana fayilo yoposa 64 MB, pomwe phunziro loyamba lokha ndi 210 MB.